Nthambi imodzi ingabweze mtengo umene mbaula inadya

Mukapeza mpando wa pawindo m'minibasi ya pa Great East Road m'mawa, werengani njinga ndi malole a malasha olowa mu Lusaka. Ambiri amachokera kum'mawa, kupyola Chongwe, kumadera monga Bundabunda kwa Asoli. Chilala cha 2024 chitachepetsa madzi ku Kariba, malaiti anayamba kupita maola ambiri, mbaula n'kukhala mfumu m'makomboni. Thumba lililonse ndi mtengo umene unagwa. Manje mitengoyo idzabwerera bwanji?

Njira imodzi siifuna mbewu ayi, ifuna nthambi chabe. Mabulosi, mkuyu, moringa ndi gliricidia zimamera mizu mosavuta. Ngakhale mukwa, uja wa matabwa odula, umaphuka mukazika chinthambi chake mvula ili pafupi. Ubwino wake, mtengo watsopano umafanana ndendende ndi mayi wake: mukadula ku mabulosi okoma, mudzadya okoma.

Dulani m'mawa kusanatenthe. Sankhani kanthambi kathanzi ka masentimita 15 mpaka 20, kokhala ndi mfundo zitatu kapena zinayi. Chotsani masamba a m'munsi, otsalawo muwadule pakati kuti kasataye madzi.

Akatswiri a nazale amaviika kumunsi kwake mu ufa wotchedwa IBA. Ufawu umagwira ntchito ngati auxin, mankhwala amene mtengo umapanga wokha oyambitsa mizu. Viikani pang'ono chabe, mukung'unthe wotsala. Ukachuluka umapsereza.

Pobzala ndiye ambiri amaphonya. Dothi lamakande limasunga madzi, kanthambi n'kuwola. Mchenga wa kumtsinje, wokha kapena wosakaniza ndi utuchi wowola, umalola mpweya kufika pamene mizu ikutuluka. Phimbani ndi pulasitiki, ikani pamthunzi, muzithirira pang'onopang'ono. Osazula kuti muone! Dikirani masabata angapo.

Koma si mtengo uliwonse umavomera. Mitengo ya miombo monga mutondo, imene owotcha malasha amakonda, imavuta kumera ndi nthambi. Iyo imaphuka pachitsa. Ndiye ku Bundabunda ntchito yaikulu ndi kuteteza zitsa kumoto ndi mbuzi, kwinaku akubzala mitengo yokula msanga ya nkhuni pafupi ndi nyumba.

Ife a m'tauni nafenso tili ndi gawo. Botolo lodula pakati ndi kuboola pansi, mchenga, kanthambi kopempha kwa aneba: nazale yakwana kuseri kwa nyumba ku Mtendere kapena ku Chawama. Mukayamba msanga, mvula ya Disembala idzapeza mbande zakonzeka.