Ulendo wa Nsomba ya Walleye

M'nyanja ya Erie, ku North America, muli nsomba ya maso aakulu yotchedwa walleye. Chisanu chikamatha, m'miyezi ya Marichi ndi Epulo, nsomba zambiri za mtunduwu zimakwera mitsinje ya Maumee ndi Sandusky kukaswana, monga achitira mpasa mumtsinje wa Bua kwathu kuno.

Nsombazi zimafuna malo osaya, a timiyala, pamene madzi amathamanga. Zikawapeza, zazikazi zimamwaza mazira usiku, n'kuchoka osawalonda. Mazirawo amagwera m'mipata ya timiyalato, m'mene madzi oyenda amawapatsa mpweya. Matope akawakwirira, amafa. Akaswa, tiana timatengedwa ndi madzi mpaka kunyanja.

Kwa zaka zoposa 100, damu la Ballville linkatsekereza nsombazi mumtsinje wa Sandusky. Linagumulidwa mu 2018, ndipo njira ya kumtunda inatseguka.