Msonkho wa malonda a pa intaneti: otsatsa katundu wa eni akhudzidwa bwanji?

Aliyense woyenda pa msewu wochokera ku Lusaka kupita ku Kafue amaidziwa geti ya msonkho ya pa Shimabala, pomwe galimoto iliyonse imaima ndi kulipira isanapitirire. Msonkho wa pa getiyi ndi wooneka ndi maso. Koma pali misonkho ina yosaoneka chotero, imene ikukhudza anthu a m'derali ndi a m'madera ena amene amapeza ndalama pogwiritsa ntchito foni ya m'manja. Iyi ndi misonkho ya malonda a pa intaneti.

Boma likamakhazikitsa misonkho yotere, cholinga chake chimakhala makampani akuluakulu ogulitsa. Komabe zomwe zachitika m'maiko ena zikuonetsa kuti woyamba kumva ululu wake nthawi zambiri amakhala munthu wamng'ono amene amalozera makasitomala ku makampaniwo.

Kodi otsatsa malonda a eni ndi ndani?

Ntchitoyi pa Chingerezi imatchedwa affiliate marketing. Munthu woichita sakhala ndi sitolo kapena katundu wakewake. Iye amalembetsa ku kampani yogulitsa, ndipo kampaniyo imamupatsa linki kapena nambala yapadera yomuzindikiritsa. Kenako amaika linkiyo pa Facebook, pa TikTok, m'magulu a WhatsApp kapena pa tsamba lake. Munthu wina akadina linkiyo n'kugula chinthu, kampani imapatsa wolozerayo gawo la ndalamazo, lomwe limatchedwa komishoni.

Mwachidule, iye ali ngati mnyamata woitanira anthu m'basi pa siteshoni. Basi si yake, ndalama za ulendo salandira ndi iye, ndipo amapeza kanthu pokhapokha anthu akakwera. Kampani ya Amazon ya ku America ndi imodzi mwa zomwe zinatchukitsa njirayi, pamene inayambitsa dongosolo lake la Amazon Associates m'chaka cha 1996.

Mmene nkhaniyi inayambira ku America

Dziko la America lilibe msonkho umodzi wa malonda wa dziko lonse. Chigawo chilichonse chimaika wake, ndipo zigawo 45 mwa 50 zili ndi msonkho wotere. Mu 1992, pa mlandu wa kampani ya Quill ndi chigawo cha North Dakota, khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti chigawo sichingakakamize kampani kutolera msonkho ngati kampaniyo ilibe sitolo, ofesi, nkhokwe kapena antchito m'chigawocho.

Malonda a pa intaneti atakula, chigamulochi chinapatsa mwayi makampani ngati Amazon. Iwo ankagulitsa katundu popanda kuwonjezera msonkho, pamene masitolo a m'misewu ankauwonjezera. Maboma a zigawo anaona kuti ndalama zambiri zikuwadutsa, ndipo anayamba kufunafuna njira.

Mu 2008 chigawo cha New York chinapeza njirayo mwa otsatsa malonda a eni. Lamulo lake linati ngati kampani ikulipira komishoni kwa anthu okhala m'chigawocho, ndipo malonda obwera kudzera mwa iwo apyola madola 10,000 pa chaka, ndiye kuti kampaniyo ionedwa ngati ili m'chigawomo ndipo iyenera kutolera msonkho.

Makampani anayankha mwachangu. Kampani ya Overstock inathetsa mgwirizano ndi otsatsa malonda ake pafupifupi 3,400 a ku New York m'chaka chomwecho. Amazon inayamba kutolera msonkho ku New York uku ikulimbana ndi lamulolo m'khoti, koma m'zigawo zina inasankha kusiya otsatsa ake. Inatero ku North Carolina ndi Rhode Island mu 2009, ku Colorado mu 2010, ndiponso ku Illinois ndi California mu 2011. Anthu masauzande ambiri analandira uthenga wowadziwitsa kuti mgwirizano wawo watha, iwo osalakwa kanthu. Ku Illinois, makampani ena odalira komishoni anasamukira ku zigawo zoyandikana: FatWallet inapita ku Wisconsin ndipo CouponCabin inapita ku Indiana.

Mkanganowu unatha pa 21 Juni 2018, pamene khoti lalikulu linagamula mlandu wa chigawo cha South Dakota ndi kampani ya Wayfair. Oweruza asanu mwa asanu ndi anayi anathetsa chigamulo cha 1992, ndipo anati chigawo chikhoza kulamula kampani yakutali kutolera msonkho poyang'ana kuchuluka kwa malonda ake m'chigawocho. Kuyambira pamenepo, kusiya otsatsa malonda sikunathandizenso kampani kuzemba msonkho. Koma kwa zaka khumi, iwowa ndiwo anali udzu wovutika njovu zikamamenyana.

Nanga kuno ku Zambia?

Dziko la Zambia lili ndi dongosolo losiyana. Zigawo za dziko lino siziika msonkho wa malonda pazokha. Pali msonkho umodzi wa VAT, womwe unalowa m'malo mwa msonkho wakale wa malonda mu 1995, ndipo umatoleredwa ndi bungwe la Zambia Revenue Authority, ZRA. Mlingo wake ndi 16 peresenti, kutanthauza K16 pa K100 iliyonse. Mu 2018 boma linalengeza zobwezeretsa msonkho wakale uja, koma mu 2019 linasiya ganizolo.

Ngakhale zili choncho, vuto lomwe zigawo za ku America zinakumana nalo ndi lomwenso ZRA yakumana nalo: kodi msonkho ungatoleredwe bwanji kwa kampani yomwe ilibe ofesi m'dziko muno? Yankho linabwera pa 1 Epulo 2024, pamene anayamba kugwira ntchito malamulo a VAT ya zinthu zogulidwa pa intaneti kuchokera kunja, monga mafilimu, nyimbo ndi mapulogalamu a kompyuta. Kampani yakunja yomwe malonda ake m'Zambia apyola K800,000 pa chaka iyenera kulembetsa ku ZRA ndi kuwonjezera VAT pa mitengo yake.

Chofunika kuchidziwa n'chakuti lamuloli likuyang'ana kuchuluka kwa malonda, monga chigamulo cha Wayfair, osati kupezeka kwa otsatsa malonda m'dzikomo. Choncho kampani yakunja sipindula kanthu pa VAT pongosiya wotsatsa wake wa ku Shimabala kapena ku Chipata. Pa mfundo imeneyi, otsatsa malonda a kuno ali pabwino kuposa anzawo a ku New York a mu 2008.

Njira zitatu zomwe msonkho umawafikira

Komabe msonkho umawapeza kudzera m'njira zina. Yoyamba ndi mtengo. VAT ikawonjezeredwa, chinthu chomwe chinali K500 chimafika K580. Ogula ena amabwerera m'mbuyo, ndipo ogula akachepa komishoni nayo imachepa. Katundu wogwirika, monga nsapato kapena foni yoitanitsidwa kunja, amakumananso ndi msonkho wa kasitomu ndi VAT akamalowa m'dziko. Kasitomala amene sanauzidwe zimenezi amakwiyira amene anamutumizira linki, pakuti ndiye amamudziwa nkhope.

Njira yachiwiri ndi msonkho wa pa komishoni yeniyeniyo. Malamulo a dziko lino amati kampani yolipira komishoni kwa munthu wokhala m'Zambia amene si wantchito wake, ichotsepo 15 peresenti n'kuitumiza ku ZRA. Tiyerekeze kuti mtsikana wa ku Shimabala walozera makasitomala amene agula katundu wa K10,000, ndipo komishoni yake ndi 5 peresenti. Iye ayenera kulandira K500, koma K75 ichotsedwa, ndipo m'manja mwake mufika K425. Pa ndalama imeneyi achotsepo za mabando a intaneti ndi zolipira potapa ndalama pa buufu.

Njira yachitatu ndi msonkho wa ndalama zotumizidwa pa foni. Msonkhowu unayamba pa 1 Januwale 2024, pa mlingo wa pakati pa 8 ngwee ndi K1.80 malinga ndi kuchuluka kwa ndalama zomwe munthu akutumizira mnzake, ndipo unakwezedwa mu 2025. Ndi wochepa pa ulendo umodzi, koma amaumva munthu amene amatumiza ndalama kangapo pa tsiku.

Phunziro la makampani a kubetcha

Zomwe zinachitika mu 2025 zikuonetsa kuti ngozi ya ku America ija ikhoza kufika kuno mwa mtundu wina. M'chakacho dziko lino linaika msonkho wa 10 peresenti pa ndalama iliyonse yomwe munthu wabetcha. Makampani ena anakasuma ku khoti loona za malamulo oyendetsera dziko, koma khotilo linakana kuimitsa kutolera msonkhowo, ndipo ena mwa makampaniwo anaimitsa zina mwa ntchito zawo m'dziko muno.

Makampani a kubetcha ndi ena mwa omwe amadalira kwambiri anthu ofalitsa malinki ndi manambala apadera. Kampani ikaimitsa ntchito, wofalitsayo alibe chipukutamisozi chilichonse, chifukwa si wantchito wolembedwa. Alibe penshoni, ndipo mapangano ambiri a ntchitoyi amapatsa kampani ufulu wosintha mlingo wa komishoni kapena kuthetsa mgwirizano nthawi iliyonse.

Maiko ena a mu Africa

Zambia sili yokha pa njirayi. Dziko la South Africa linayamba kutolera VAT kwa makampani akunja ogulitsa pa intaneti mu 2014. Dziko la Kenya linapita patsogolo mu 2023, pamene linalamula kuti pa ndalama zolipiridwa kwa nzika zopanga zinthu za pa intaneti pazichotsedwa 5 peresenti, ndipo lamulolo linatchula mwachindunji otsatsa malonda a eni. Izi zikusonyeza kuti maboma akuiona ntchitoyi ngati bizinesi yeniyeni.

Zoyenera kuchita

Munthu wochita ntchitoyi ayenera kukhala ndi nambala ya msonkho ya TPIN, yomwe ZRA imapereka kwaulere. Ntchito ikachitikira m'Zambia, ndalama zake zimawerengedwa kuti zapezedwa m'Zambia, ngakhale wolipirayo ali kutsidya la nyanja. Pa mabizinesi ang'onoang'ono pali msonkho wa turnover, womwe mu 2025 unaikidwa pa 5 peresenti kwa amene malonda awo sapyola K5 miliyoni pa chaka. Ndi bwino kufunsa ku ofesi ya ZRA kuti ndi msonkho uti umene ukukhudza ndalama zanu, musanadzidzimutsidwe ndi chindapusa.

Sungani mauthenga onse a malipiro. Ngati kampani yakuchotserani 15 peresenti, ipempheni chikalata chotsimikizira kuti ndalamayo yapita ku ZRA, chifukwa ndicho umboni wanu. Werengani mapangano musanavomere, makamaka ndime yonena za kutha kwa mgwirizano ndi za ndalama zomwe simunalandirebe. Auzeni makasitomala anu mtengo wonse, kuphatikizapo msonkho, asanagule.

Pomaliza, musadalire kampani imodzi. Amene anavutika kwambiri ku America ndi omwe chakudya chawo chonse chinkachokera ku Amazon yokha. Chaka chilichonse, nthawi zambiri cha kumapeto kwa Seputembala, nduna ya zachuma imapereka ndondomeko ya chuma m'nyumba ya malamulo, ndipo zosintha zambiri za misonkho zimayamba pa 1 Januwale. Wotsatsa malonda a eni ayenera kutchera khutu ku ndondomekoyi monga momwe amachitira wamalonda wina aliyense.