Radar: Makina Oona Ndege Isanafike

Aliyense amene anakuwapo ali m'munsi mwa phiri amadziwa kuti mawu amabwerera. Phiri likakhala pafupi amabwerera msanga, likakhala patali amachedwa. Radar imatsata nzeru yomweyo, kungoti m'malo mwa mawu imaponya mafunde a wailesi, omwe amathamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi imodzi. Mafundewo akagunda ndege kapena sitima amabwerera, ndipo makinawo amawerengera nthawi imene yadutsa n'kudziwa kuti chinthucho chili kutali bwanji.

Woyamba kupanga chida chotere anali mnyamata wa ku Germany, Christian Hülsmeyer. Mu 1904 anachionetsa mumzinda wa Cologne: sitima ikamayandikira pamtsinje wa Rhine, belu linkalira lokha. Cholinga chake chinali chakuti sitima zisamagundane kukakhala chifunga. Eni sitima anaonerera, koma sanachigule, ndipo chidacho chinaiwalika kwa zaka zambiri.

Chimene chinadzutsa nkhaniyi ndi mantha. Kuchiyambi kwa 1935, akuluakulu oyang'anira ndege zankhondo ku Britain anafunsa katswiri wina, Robert Watson-Watt, ngati n'zotheka kupanga cheza cha wailesi chopha woyendetsa ndege ya adani ali m'mwamba. Iye anapereka funsolo kwa womuthandiza, Arnold Wilkins. Atawerengera, Wilkins anayankha mosabisa kuti n'zosatheka, chifukwa pangafunike mphamvu yochuluka zedi. Koma sanalekere pomwepo. Anati kupha n'kosatheka, koma kudziwa kuti ndege ikubwera n'kotheka. Mabuku ambiri amatamanda Watson-Watt yekha. Ine ndimaona kuti Wilkins timam'mana ulemu womuyenera.

Pa 26 February 1935 anayesa nzeruyi ali m'galimoto pafupi ndi Daventry, pomwe panali milongoti ya wailesi ya BBC. Ndege yoponya mabomba yotchedwa Heyford inadutsa m'mafunde a wailesiyo, ndipo makina awo anaizindikira ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 13. Boma linatulutsa ndalama. Pofika 1939, m'mbali mwa nyanja kum'mawa ndi kum'mwera kwa Britain munali mutaimikidwa milongoti italiitali ya radar, imene ankaitcha Chain Home.

Komatu makina paokha sakanapulumutsa munthu. Pankhondo ya mumlengalenga ya 1940, oyang'ana pagalasi la radar, ambiri mwa iwo atsikana a usilikali, ankaimba foni ku likulu la Bentley Priory. Kumeneko uthenga unkasefedwa, n'kuikidwa pamapu, kenaka n'kutumizidwa kwa olamula ndege. Motero ndege za Britain, zomwe zinali zochepa, sizinkatha mafuta ndi kusakasaka mdani. Zinkanyamuka zikudziwa kolowera.

Kwina zinthu sizinayende choncho. M'mawa wa pa 7 December 1941, asilikali awiri a ku America amene anali pa radar ya ku Opana, pachilumba cha Oahu, anaona chigulu cha ndege chikubwera kuchokera kumpoto, chili pamtunda woposa makilomita 200. Anaimba foni. Mkulu amene anailandira anaganiza kuti ndi ndege zawo za B-17 zomwe zinkayembekezeka kuchokera ku California, ndipo anawauza kuti asade nkhawa. Pasanathe ola limodzi, ndege za Japan zinayamba kuponya mabomba padoko la Pearl Harbor, pachilumba chomwecho, ndipo anthu oposa 2,400 anafa.