Poizoni akatuluka m'thupi, ntchito yathu imakhala itangoyamba

Ndine namwino wa matenda a maganizo, ndipo odwala anga ambiri ndi a kuno kwa Kachindamoto, kuyambira ku Mua, Golomoti, Mtakataka mpaka kunyanja. Anthu amayesa kuti ine ndimaona amisala okhaokha. Komatu munthu amene amandiitanira kawirikawiri ku wodi ndi bambo kapena mayi wabwinobwino, amene dzulo lomweli anali kumunda, lero wagona pabedi atayesa kudzipha.

Kuno timalima thonje, chimanga ndi mpunga, ndiye mankhwala opopera mbewu ali m'nyumba zambiri. Wina akamwa, chonde musamupatse mkaka, mazira kapena madzi amchere kuti asanze. Masanziwo amatha kulowa m'mapapo. Muvuleni zovala zimene zathiridwa mankhwala, tengani botolo lake, thamangirani kuchipatala. Mankhwala a gulu la organophosphate amadzaza chifuwa ndi madzi, ndipo timalimbana nawo ndi jakisoni wa atropine. Ena amaoneka ngati achira, koma pakatha tsiku limodzi mpaka anayi minofu yopumira imafooka. N'chifukwa chake sitifulumira kumutulutsa ngakhale achibale adandaule kuti kumudzi ntchito yaima.

Akatsitsimuka m'pamene ndimakoka mpando. Ndimapempha omudikirira atuluke kaye, chifukwa nthawi zina amene akumupatsa phala ndi yemweyo amene amamumenya kunyumba. Funso loyamba ndi lakuti, "Kodi munayesapo kale?" Pa zizindikiro zonse zimene timadziwa, palibe choopsa kuposa chimenechi: amene anayesapo ali pachiopsezo chachikulu choyesanso. Kenaka ndimafunsa za tulo, za kudya, ngati pali chimene chikumusangalatsabe, ngati amadziona kuti ndi mtolo kwa abale. Zimenezi zimatisonyeza matenda a kukhumudwa, amene ali ndi mankhwala monga matenda ena onse. Ndimafunsanso za kachasu ndi chamba, za khunyu, za HIV ndi matenda ena amgonagona, komanso ngati mayi wangobereka kumene.

Koma zimene zimatuluka kwambiri pa zokambiranazi si za m'thupi. Ndi ngongole ya katapila imene yabereka ana, ndalama ya banki m'khonde imene tsiku lobweza lafika, ukwati umene ukutha, mkangano wa munda, manyazi oti mudzi wonse wamva. Apolisi adalengeza kuti kuyambira Januwale mpaka Ogasiti 2020 anthu odzipha m'Malawi adachuluka ndi 57 pa 100 alionse poyerekeza ndi miyezi yomweyo mu 2019, ndipo ochuluka kwambiri adali amuna. Sizindidabwitsa. Mnyamata timamulera ndi mawu akuti mwamuna salira, ndiye akakula n'kugwa m'ngongole amakaulula kwa ndani? Amapita kumowa, ndipo mowa umachotsa mantha amene akadamuletsa.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimafuna aliyense achimvetse. Ambiri mwa odwalawa sadakonzekere kwa miyezi. Mtima udangowawa kwa maola ochepa, botolo lidali pafupi. Akadzuka, ambiri amandiuza kuti sankafuna kufa, ankafuna kuti ululuwo uthe. Bungwe la WHO limati chaka chilichonse anthu oposa 700,000 amadzipha padziko lonse, ndipo pafupifupi mmodzi mwa asanu amagwiritsa ntchito mankhwala a mbewu. Dziko la Sri Lanka litaletsa mankhwala oopsa kwambiri, chiwerengero cha odzipha chidatsika ndi pafupifupi 70 pa 100 alionse kuchokera mu 1995. Mavuto a anthu sadathe, koma imfa idatalikira. Kwa ine, loko pa bokosi la mankhwala opopera ndi chithandizo chenicheni cha chipatala.

Chimene chimatichedwetsa ndi kubisa. Gawo 229 la malamulo a milandu lidaika kuyesa kudzipha m'gulu la milandu, ndipo mantha a apolisi pamodzi ndi manyazi amachititsa mabanja kunena kuti munthu wamwa mwangozi. Akatero timachiza thupi, maganizo n'kubwerera kumudzi osakhudzidwa. Ine sindiona wolakwa pabedipo. Ndimaona wodwala.

Masabata oyamba atatuluka m'chipatala ndi oopsa zedi, chifukwa ngongole ija ndi mkangano uja zimakhala zikumudikira pakhomo. Apa ntchito imakhala yanu, ankhoswe, atsibweni, anyakwawa ndi akumpingo. Musamuweruze pabwalo. Asagone yekha, ndipo mankhwala a mbewu asungidwe kwa munthu wina. Khalani pansi ndi okongoza ndalama mugwirizane za kabwezedwe. Mufunseni mosapita m'mbali kuti, "Achimwene, maganizo aja akubwerabe?" Kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu, kumam'patsa mpata woyankhula. Ndipo tsiku limene tamulembera kuti abwerenso, muperekezeni.

Ngati inuyo ndi amene maganizowa akukuvutani, uzani munthu mmodzi lero lomwe, mupite naye kuchipatala chapafupi, kaya ku Mua, ku Mtakataka, ku Golomoti kapena ku Dedza. Pakafunika chithandizo chozama, tidzakutumizani ku St John of God ku Lilongwe kapena ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba.