Wankhondo mmodzi akukwana: poyambira Tekken ndi Mortal Kombat ku Kabwe

Aliyense amene anakhalapo pa benchi m'kashopu ka magemu, kaya ku Bwacha, ku Katondo kapena m'tauni mwenimweni mwa Kabwe, amaidziwa mphindi imeneyi. Ndalama yalipidwa, padi ili m'manja, ndipo pa TV pandandalikidwa nkhope zoposa 30: Jin, Nina, Paul wa tsitsi loimirira, King wovala chigoba cha kambuku. Wosewera watsopano amangoyendetsa kabokosi uku ndi uko, anzake kumbuyo akumusokosera, aliyense akutchula amene iye amamukonda. Asankha mmodzi, amenyedwa. Abwerera, asankha wina, amenyedwanso. Dzuwa likamalowa wayesa ankhondo ambirimbiri, m'thumba mwauma, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene wamudziwa.

Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. M'magemu omenyana, ambiri amagwera pomwepo, pa khomo penipeni, asanalawe n'komwe chimene chimachititsa kuti anthu akhale zaka 20 akusewera gemu imodzi.

Magemu amenewa si a dzulo. Street Fighter II inatuluka mu 1991, Mortal Kombat mu 1992, Tekken mu 1994. Tekken 3 itafika pa PlayStation yoyamba mu 1998 inafalikira kwambiri, ndipo ambiri amene lero ndi abambo a ana amakumbukira Eddy Gordo, mnyamata wa ku Brazil amene ankapambanitsa ngakhale munthu wongodinya mabatani a miyendo atatsinzina. Komabe m'mashopu ambiri gemu yolamulira ndi ya mpira, ndipo nzosadabwitsa m'tauni ya Kabwe Warriors ndi Godfrey Chitalu. Vuto ndi lakuti anyamata amabwera ku Tekken ndi chizolowezi cha ku mpira. Kumeneko ukhoza kutenga Real Madrid lero, mawa Manchester City, mabatani ali omwewo: uyu wopatsira, uyu womenya kugolo. Ku Tekken ukasintha wankhondo wasintha pafupifupi zonse. Aliyense ali ndi mamenyedwe ake ochuluka, ena oposa 100, kutalika kwa mikono kwake, liwiro lake ndi zofooka zake.

Kunja kuno nkhaniyi inakula kalekale. Mpikisano wa Evo umasonkhanitsa osewera zikwizikwi ku Las Vegas chaka ndi chaka. Mu February 2024, mnyamata wa ku Taiwan wodziwika kuti UMA anapambana Capcom Cup, mpikisano wa Street Fighter, n'kutenga madola 1 miliyoni. Nalonso dziko la Zambia lili ndi dzina pa nkhaniyi. Gulu la Team Gematrix la ku Lusaka, lomwe mmodzi mwa oliyambitsa ndi Cholwe Shabukali, linadziwika kunja chifukwa cha Mortal Kombat, makamaka kudzera mwa Justin Banda, wotchedwa Mr 5000, amene anakapambana mpikisano ku Kenya. Ku Kenya komweko kuli Sylvia Gathoni, QueenArrow, mtsikana amene anatchuka ndi Tekken mpaka kulowa pa mndandanda wa Forbes Africa wa achinyamata osakwana zaka 30 mu 2022. Lusaka ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 140 kuchokera ku Kabwe. Si kutali.

Ndiye munthu asankhe ndani?

Pa intaneti padzaza mindandanda yosanja ankhondo, amphamvu pamwamba, ofooka pansi. Ine ndimaiona ngati msampha kwa woyamba kumene. Olemba mindandanda imeneyo amaganizira akatswiri awiri amene sakulakwitsa kanthu, pamene m'kashopu anthu amagonja chifukwa chosatchinga, osati chifukwa wankhondo wawo ndi wofooka. Komanso mphamvu zimenezo sizikhalitsa. Pa Evo Japan ya 2020, mwa osewera asanu ndi atatu omaliza a Tekken 7, asanu ndi mmodzi anali ndi wankhondo mmodzimodzi, Leroy Smith. Posakhalitsa kampani yopanga Tekken ya Bandai Namco inamuchepetsa mphamvu, ndipo amene anamutsatira chifukwa cha mphamvuzo anayamba kusakanso wina.

Taonani mbali inayi. Mu 2018, Rangchu wa ku South Korea anakhala katswiri wa Tekken World Tour akusewera ndi Panda, chimbalangondo chimene ambiri ankachiika pansi penipeni pa mndandanda. Mu 2014, Luffy wa ku France anapambana Evo pa Street Fighter ndi Rose, wankhondo amene ochepa ankamuwerengera, ndipo anasewera ndi padi yakale ya PlayStation yoyamba. Onse awiri anali atakhala ndi ankhondo awowo nthawi yaitali, mpaka kudziwa tinjira timene adani awo anali asanationepo.

Choncho sankha amene mtima wako wamukonda. Kaya ndi maonekedwe, kaya ndi chibakera chimodzi chimene chikagunda umamva kukoma m'mafupa, chifukwa chimenecho n'chokwanira, pakuti ndicho chidzakubwezeretse pa benchi utagonja maulendo khumi otsatizana. Chenjezo ndi limodzi lokha: pali ena amene amafuna zala zophunzira kale. Chibakera chamagetsi cha Kazuya chimafuna kuti batani ndi kulozera zigwirizane pa kamphindi kochepetsetsa, ndipo woyamba akhoza kutha miyezi akulimbana ndi zala zake m'malo molimbana ndi mdani. Paul, Claudio kapena Asuka ku Tekken, Scorpion kapena Sub-Zero ku Mortal Kombat, Ryu, Ken kapena Marisa ku Street Fighter 6, amalola munthu kuyamba kumenyana tsiku loyamba lomwelo. Ukasankha, khala naye miyezi ingapo, zivute zitani.

Chotsatira ndicho chimene ambiri safuna kumva. Usayambe ndi makombo. Anyamata amaonera mavidiyo pa YouTube ndi pa TikTok, munthu ataponyedwa m'mwamba n'kumenyedwa kosatera pansi, ndipo amaganiza kuti ukatswiri ndi umenewo. Amaloweza kombo yaitali, koma pa nkhondo yeniyeni mpata woiyambira saupeza, chifukwa akumenyedwa asanatambasule n'komwe mkono.

Choyamba ndi kutchinga. Ku Tekken ndi ku Street Fighter umatchinga pokankhira kumbuyo. Ku Mortal Kombat kuli batani lakelake. Ku Tekken mamenyedwe ali pa misinkhu itatu. Apamwamba ukanjuta amadutsa pamutu. Apansi umawatchinga utanjuta. Apakati amagunda wonjuta, ndipo ambiri mwa owopsa kwambiri ndi apakatiwa. N'chifukwa chake katswiri amatchinga ali chiimire nthawi zambiri, kulolera kupondedwa timiyendo tating'onoting'ono kusiyana n'kunjuta mwachisawawa n'kuponyedwa m'mwamba. Woyamba kumene ayesere raundi yathunthu osamenya, kungotchinga basi, akuyang'ana zimene mnzake amakonda kubwereza. Agonja, inde, koma kwa nthawi yoyamba amuona mdani wake.

Pamenepa mpamene pamalowa nkhani ya mafulemu, imene imaopsa anthu pachabe. Gemu imaonetsa zithunzi 60 pa sekondi iliyonse, ndipo chithunzi chimodzi ndiye fulemu. Chibakera chachangu cha ku Tekken chimatenga mafulemu 10 kuti chifike. Tsono mmenyedwe uliwonse ukatchingidwa, womenyayo amatenga kanthawi kuti abwerere m'malo. Ngati wachedwa ndi mafulemu 10 kapena kuposa, chibakera chako chifika iye asanathe kutchinga, afune asafune. Ngati wachedwa ndi 15, ankhondo ambiri ali ndi mmenyedwe womuponyera m'mwamba. Umenewo ndiwo mpata wa kombo ija. Mortal Kombat 11 imalemba manambala amenewa pa mndandanda wa mamenyedwe, ndipo Tekken 8, yomwe inatuluka mu January 2024, imawaonetsa pa malo oyeserera popanda kulipira china. Palibe chifukwa choloweza onse. Zokwanira poyamba n'ziwiri: chobwezera chako chachangu, ndi chobwezera chako chachikulu.

Tiyeni tizione pafupi. Mu Mortal Kombat 11, Scorpion amazimiririka n'kutulukira kumbuyo kwa mdani ndi chibakera. Mmenyedwe umenewu wapambanitsa anthu ambiri m'mashopu, moti ena amautcha wachinyengo. Koma tayang'anani munthu amene anauphunzira. Chala chake chili pa batani lotchingira, sakuthamangira kumenya. Scorpion azimiririka, atulukira, chibakera chigunda pa chotchinga, ndipo kwa kamphindi amakhala poyera, osatha kudziteteza. Wotchingayo asiya batani n'kuyamba kombo yake yaifupi, ya mamenyedwe ochepa, imene sailakwitsa. Zikachitika kawiri, mwini Scorpion amayamba kuopa batani limene wakhala akudyera kwa miyezi. Mumamuona akukhazikika bwino pa benchi, phokoso lija latha. Kuyambira pamenepo anthu awiriwa akuwerengana maganizo, ndipo kukoma kwenikweni kwa magemuwa n'kumeneko.

Zina zotsala n'zochepa. Dziwa mmenyedwe umodzi wogwetsera wodumpha, monga chibakera chokweza cha ku Mortal Kombat, chimene wankhondo aliyense ali nacho. Dziwa umodzi wofika patali wotetezera malo ako, umodzi wapansi wovutitsira wotchinga ali chiimire, ndi kagwiridwe kamodzi. Kombo imodzi, yosavuta, imene ungaichite ngakhale manja akutuluka thukuta. Mamenyedwe asanu ndi atatu kapena khumi amatha kumufikitsa munthu kutali kwambiri.

Malangizo ambiri a pa intaneti amalembedwera munthu amene ali ndi PlayStation kuchipinda kwake, intaneti yosadukaduka ndi magetsi a usana ndi usiku. Kwa wa ku Makululu kapena ku Chowa zinthu sizili choncho. Mu 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba, m'madera ambiri a Zambia magetsi ankazima maola ochuluka kuposa amene ankayaka. Wosewera wolipira pa gemu iliyonse alibe maola atatu oyeserera yekha. Koma chimenechi ndicho chimalimbitsa mfundo ya wankhondo mmodzi: nthawi ikakhala yochepa, kuigawa kwa ankhondo asanu n'kuitaya. Mndandanda wa mamenyedwe ukhoza kuwerengedwa pa foni magetsi atazima, n'kulemba m'kope asanu amene ukufuna kukayesa. Anthu awiri akhoza kusonkherana, kulipira nthawi, n'kugwirizana kuti lero sitikupikisana: iwe undimenye ndi mmenyedwe uja umandivuta mobwerezabwereza mpaka ndipeze yankho, kenako tisinthane. Eni mashopu amene angalole ola loyeserera pa mtengo wotsikirapo m'mawa, pamene mabenchi ali opanda anthu, angadzilimire okha makasitomala okhalitsa.

Ndipo kashopu kali ndi chuma chimene wosewera yekha kuchipinda alibe, ndicho anthu. Arslan Siddique, wodziwika kuti Arslan Ash, anakulira m'mashopu a magemu a ku Lahore ku Pakistan, dziko limene ochepa ankaliganizira pa nkhani ya Tekken. Mu 2019 anavutika ndi ziphaso ndi ndege kuti akafike ku Japan, koma anapambana Evo Japan, n'kukapambananso Evo ku Las Vegas chaka chomwecho, akusewera ndi Kazumi, atagonjetsa Knee wa ku South Korea. Dziko litapita kukaona kwawo, linapeza kuti akatswiri ngati iye aliko ambiri, onoledwa ndi kumenyana maso ndi maso tsiku ndi tsiku. MenaRD wa ku Dominican Republic anapambana Capcom Cup mu 2017 ali ndi zaka 18, ndipo gawo la ndalama zake analiika potukula osewera a kwawo. Onsewa anachokera kumalo kumene zipangizo zinali zochepa koma mabenchi anali odzaza. Wokugonjetsa ali pambali pakopo. Mufunse kuti wakumenya bwanji. Ambiri amakondwa kufotokoza.

Makolo ali ndi nkhawa zawo, ndipo n'zomveka. Mortal Kombat ili ndi magazi ndi kuphana koonekera, ndipo inalembedwa kuti ndi ya akuluakulu. Mwana wa pulayimale sayenera kukhala pamenepo, ndipo mwini shopu wanzeru amuikire Tekken kapena Street Fighter. Kubetcherana ndalama pa gemu kumawononga ubwenzi ndiponso kumathamangitsa ophunzira, chifukwa palibe amene angayese chatsopano ndalama ya ndiwo ili pa tebulo. Nthawi ya sukulu ndi ya sukulu. Atsikana nawo amafunika malo pa benchi popanda kunyozedwa; QueenArrow anayambanso monga aliyense, posankha wankhondo n'kumenyedwa.

Chimene chingathandize Kabwe msanga ndi timipikisano tating'ono tokhazikika. Tauniyi ili ndi ophunzira ambiri ku Mulungushi University ndi ku Kwame Nkrumah University, kuphatikizapo achinyamata a m'makomboni, ndipo mpikisano wa anthu 16 sufuna zambiri: ma TV awiri, mapadi abwino, jenereta kapena batire la sola, ndi pepala lalikulu lolembapo maina. Malamulo atsatire a mipikisano ikuluikulu. Wogonja kamodzi amatsikira ku gulu la ogonja n'kupitiriza, ndipo amatuluka akagonja kachiwiri, kotero woyamba kumene amasewera kosachepera kawiri. Opikisana amasewera magemu atatu, wopambana awiri wadutsa. Wopambana gemu saloledwa kusintha wankhondo. Wogonja yekha ndiye angasinthe ngati akufuna. Loweruka limodzi pa mwezi lingakwane poyambira, ndipo awiri kapena atatu ochita bwino asonkheredwe ya basi kuti akayese mphamvu ndi anzawo a ku Lusaka ndi ku Copperbelt.