Khungu Likayamba Kulendewera: Chothandiza ndi Chowononga

Aliyense amene angayende m'misika ya mumzinda wa Mzuzu, kuyambira mumsika waukulu kufikira ku Taifa kumene kumatsikira katundu wa ku Tanzania, naima kanthawi pa mabenchi a zodzoladzola, adzaona kuti pakati pa sopo ndi mafuta onunkhira pali timabotolo tambiri tolonjeza chinthu chimodzi, ndicho kubwezera khungu la munthu ku utsikana ndi unyamata wake. Ofunafuna timabotoloti ndiwo mayi wa ku Chibavi amene wabereka kachitatu koma mimba yakana kubwerera m'malo mwake, bambo wa ku Luwinga amene wachepetsa thupi chifukwa cha matenda a shuga, ndi mayi wachikulire wa ku Katoto amene masaya ndi mikono zayamba kulendewera. Nkhawa yawo ndi yomveka, ndipo ayenera kuuzidwa zoona.

Pansi pa khungu limene tiliona ndi maso pali lina lochindikala, lolukidwa ndi timinyewa ta mitundu iwiri: kolajeni, amene alilimbitsa, ndi elasitini, amene alibweza likatamuka. Pamene munthu ali wamng'ono, timinyewati tiligwira khungu monga zikhomo zigwira chikumba cha ng'oma yokungidwa bwino. Koma akakhwima msinkhu, thupi liyamba kutaya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100 a kolajeni chaka ndi chaka, ndipo kwa amayi kutayikako kumafulumira akasiya kusamba, kotero kuti m'zaka 5 zoyamba angathe kutaya magawo ofika 30. Kutenga pakati, kunenepa kwa nthawi yaitali, utsi wa fodya ndi dzuwa ziwonjezera pa ntchito ya ukalambayi. Ndipo ife a ku Mzuzu, amene tinazolowera chifunga ndi mvula yowaza, tisanyengedwe ndi kuzizira kwa kwathu, pakuti mzinda uno uli pamtunda woposa mamita 1,200, kumene cheza cha dzuwa chili champhamvu ndipo chipyola ngakhale mitambo. Khungu lakuda lili ndi chitetezo chake chobadwa nacho, koma si chokwanira kwa wogulitsa malonda pamtetete tsiku lonse wopanda chipewa.

Thandizo loyamba, limene ambiri alinyoza chifukwa lilibe botolo, lili m'mbale ndi m'thukuta. Thupi silingaumbe kolajeni popanda zakudya zomanga thupi ndi vitamini C, ndipo zonsezi Mulungu anazipereka pafupi: usipa wa ku Nkhata Bay, nyemba, soya, mazira ndi nsinjiro, pamodzi ndi magwafa, malalanje, malambe ndi ndiwo zamasamba zosapsetsa. Wofuna kuchepetsa thupi atero modekha, theka la kilogalamu kapena imodzi pa sabata, kuti khungu lipeze mpata wotsatira. Ndipo alimbitse minofu ndi ntchito kapena masewera onyamula zolemera, popeza mnofu ukakula udzaza malo amene mafuta asiya. Mayi wochira kumene, amene azakhali ake am'manga mimba ndi chitenje monga mwa mwambo wathu, adziwe kuti nsaluyo ichirikiza msana ndi mimba koma siifupikitsa khungu, kuti kumanga kothina kupweteka, makamaka kwa wobereka mwa opaleshoni, ndi kuti thupi limatenga miyezi yambiri, ngakhale chaka, kuti libwerere. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kunena za mafuta odzola, pano mpofunika kusiyanitsa. Mafuta wamba afewetsa khungu ndi kubisa timakwinya kwa maola angapo, ndipo ntchito imeneyo ndi yabwino. Koma kolajeni wolembedwa pabotolo ndi wamkulu koti sangalowe mkati mwa khungu, ndiye angokhala pamwamba. Amene madokotala anawatsimikizira kuti autsa khungu kupanga kolajeni watsopano ndi mankhwala a gulu la retinoid, monga tretinoin, amene zipatso zake zimaoneka patapita miyezi 3 kufikira 6, amene athandiza makwinya aang'ono koma osati khungu lolendewera, ndiponso amene mayi woyembekezera sayenera kuwakhudza.

Choopsa chenicheni chili m'mafuta oyeretsa khungu, amene ena amagulitsidwa ndi lonjezo lakuti asalalitsa ndi kutsitsimutsa nkhope. Ambiri a iwo ali ndi mankhwala amphamvu monga clobetasol ndi betamethasone, amene dokotala amapereka kwa masiku owerengeka pa nthenda zina zapakhungu, koma amene akadzoledwa miyezi ndi miyezi amaletsa thupi kupanga kolajeni, napyapyalitsa khungu, natulutsa mizere yosafafanizika ndi mitsempha yoonekera. Ena ali ndi hydroquinone, amene pomaliza pake amadetsa masaya ndi zigamba zosachoka, ndipo ena ali ndi mercury, wowononga impso ndi mwana wa m'mimba. N'chifukwa chake dziko la Côte d'Ivoire linaletsa mafuta otere mu 2015, ndipo la Rwanda linayamba kuwachotsa m'masitolo mu 2018. Wogula botolo lotere kuti akunge khungu agula chinthu cholilefula: chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Kwa amene khungu lawo lakhwefuka pang'ono, zilipo njira za makina otenthetsa mkati mwa khungu ndi mafunde a wailesi kapena a mawu, monga Thermage ndi Ultherapy, amene anavomerezedwa ku America mu 2002 ndi 2009. Kusintha kwake n'kochepa, sikukhalitsa, mtengo wake ndi waukulu, ndipo m'manja mwa wosaphunzira makinawa awotcha. Koma khungu lochuluka lopindika pamimba kapena m'mikono palibe mafuta kapena makina angalichotse, koma opaleshoni yokha, imene isiya chipsera ndipo ili ndi zoopsa zake za magazi ndi mabala. M'zipatala zathu za boma madokotala a ntchito yotere ndi ochepa, ndipo moyenerera amayamba ndi opsa ndi moto ndi ovulala pangozi.

Chotero asanatulutse ndalama, munthu ayambe wafunsa, pakuti safunsa anadya phula. Mankhwala agulidwe m'sitolo yovomerezedwa ndi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ndipo wofuna kubaya kapena kucheka khungu lanu akhale wolembedwa m'kaundula wa Medical Council of Malawi. Koposa zonse, amene khungu lake lalendewera chifukwa waonda mwadzidzidzi osafuna, asapite kumsika ayi, koma ku Mzuzu Central Hospital, ku St John's kapena kuchipatala chilichonse chapafupi, akayezetse shuga, chifuwa chachikulu ndi HIV, pakuti pamenepo khungu lingochitira umboni nthenda imene ili mkati, ndipo ndiyo yofunika kuchizidwa msanga.