Nthenda Yochititsa Manyazi Kuitchula

Mayi wina wa ku Kanyama, amene amamwa ma ARV mokhulupirika, adandifunsa monong'ona pamaliro kuti, kodi magazi otuluka m'njira ya chimbudzi nthawi zonse amakhala nthenda ya mudzi? Inenso kale ndinkayesa choncho, kufikira pamene ndidamva kuti kachilombo ka HPV, kaja kobweretsa khansa ya khomo la chiberekero, ndiko kamene kamabalanso khansa ya m'njira ya chimbudzi, mwa amuna ndi akazi omwe.

Kachilomboka kamayenda pogonana, ndipo anthu ochuluka amakatenga osadziwa. Koma monga namsongole sakula m'munda umene mwini wake amapalira m'mawa uliwonse, momwemonso thupi lolimba limakazula kasanazike mizu, pamene thupi limene HIV idalifooketsa, makamaka ngati mwiniyo adachedwa kuyamba mankhwala kapena amasuta fodya, limakalekerera zaka zambiri kufikira katasandutsa khungu la m'katimo kukhala chotupa. Ma ARV amachepetsa ngoziyi, koma saichotseratu.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti, ngakhale Lusaka ali ndi Cancer Diseases Hospital chiyambire 2007, nthendayi ambiri amachita manyazi kuitchula, kuiwala mawu a akulu akuti wobisa matenda maliro ndiwo amamuulula. Tsono amene waona magazi, chotupa, kuyabwa kapena ululu wosatha, auze namwino wa ku Matero kapena Chawama pokatenga mankhwala, napemphe kuti amupime ndi chala, pakuti khansayi ikapezeka msanga imachizika.